Tsiku Limene Zuze Thombozi Anaimirira

Dziko la Zilibwino lili ndi malamulo ambiri kuposa anthu. Mlendo akafika ku likulu lake, mzinda wa Musafunse, amadabwa kuona kuti pafupifupi aliyense ndi wopindika msana, n'kumaganiza kuti ndi matenda a m'madzi. Si matenda ayi. Ndi mwambo wa mitu.

Mwambowo ndi wosavuta kuumva. Wa banja lachifumu akaimirira, iwe munthu wamba werama. Akakhala pampando, gwada. Akagona pansi, kaya pa chifukwa chanji, nawe gona chafufumimba, ndipo usayerekeze kudzuka iye asanadzuke. Wophwanya mwambowu amapirikitsidwa m'dziko. Amalonda a mumsika waukulu amakumbukirabe chaka chimene azakhali a mfumu anaterereka pa khoko la nthochi. Malonda anaima kwa maola atatu, anthu ali lambalala, mbuzi zikudya mpiru mwaufulu.

M'dziko lotereli ndi momwe munafika masewero a nkhonya ndi mateche, aja omenyana ndi manja ndi miyendo yomwe m'bwalo la zingwe. Anabwera nawo ndi Nyadani, mwana wa mlongo wake wa Mfumu Mdyeratu wa Chitatu, yemwenso ndiye mlowam'malo. Mnyamatayu anatumizidwa kunja kukaphunzira ulimi wothirira. Anabwerako patatha zaka zisanu ndi zitatu wopanda pepala, koma ali ndi magolovesi ofiira, kabudula wonyezimira ndi lamba wamkulu wa chitsulo chowala. Boma linalengeza kuti lambayo ndi wa ngwazi ya dziko, ndipo linamuveka mwini wake asanaponye n'chibakera chimodzi chomwe. Pambuyo pake anamenyana ndi anthu khumi ndi anayi, n'kupambana onse. Ambiri ankagwa ndi mphepo ya chibakera chabe. Mmodzi, poopa kuchedwa, anagwa belu lisanalire.

Koma masewero salemekeza amene anawabweretsa. Anyamata a m'makwalala anawaphunzira n'kuwadziwa bwino, ndipo wowaposa onse anali Zuze Thombozi, wonyamula matumba a simenti pa depoti. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa miyendo ngati mitengo ya denga. M'gulu la olemera makilo 75 anagonjetsa aliyense amene anamuikira. Malamulo ankati woteroyo apatsidwe mwayi wolimbirana lamba pasanathe chaka. Zinatha zaka zisanu ndi chimodzi.

Bungwe Loona za Nkhonya ndi Mateche silinamukanize, lisanamiziridwe. Chaka choyamba mafomu anatha. Chachiwiri mafomu anapezeka, chidindo n'kusowa. Chachitatu chidindo chinapezeka koma amene amadziwa kudinda anali atapuma pa ntchito. Zinangoyenda choncho, ndipo bungwelo linkadziwa bwino chimene linkadikira: lamulo lina linkati munthu akakwanitsa zaka 35 asalowenso m'bwalo. Zuze anali atatsala ndi miyezi iwiri.

Chinasokoneza zonse ndi pakamwa pa anthu a mumsika. Tambala wothawa anzake anayamba kumutcha Ngwazi. Mwamuna wobisala kuseri kwa nkhokwe mkazi wake akamakalipa ankati akuteteza lamba. Nkhani zotere zili ndi miyendo, ndipo zinakafika kunyumba yachifumu.

Mfumu inaitanitsa a Ndavomera, Nduna ya Masewero, Miyambo ndi Zogwa Mwadzidzidzi, omwe analowa chokwawa monga mwa nthawi zonse.

"Ndikumva kuti kumsika kuli tambala wa dzina la udindo wa mwana wa mlongo wanga," inatero mfumu.

"Timugwira lero lomwe, Wamkulukulu."

"Tambalayo musiyeni. Nyadani amenyane ndi wonyamula simenti uja pa tsiku lokumbukira kulongedwa kwanga ufumu, anthu atseke pakamwa."

"Mwalasa, Wamkulukulu."

"Ndipo apambane."

"Mwalasanso, Wamkulukulu. Zimenezo tisiyireni ife. Mwanayu asavutike n'kuthamanga m'mawa, ntchito yonse tikaigwirira pa pepala."

Bungwe linakadzitsekera ku hotela ya kuphiri masiku asanu ndi anayi, n'kutulukako litanenepa, lili ndi malamulo atsopano m'manja.

Vuto loyamba linali sikelo. Nyadani ankalemera makilo 96. Bungwe linagamula kuti makilo 21 mwa amenewo ndi a udindo, osati a thupi, choncho asawerengedwe. Kenako linaletsa kumenya nkhope ya wachifumu, popeza ili pa masitampa a boma ndipo ikatupa makalata sayenda. Linaletsanso chifuwa ndi mimba, chifukwa ndi mosungira zinsinsi za dziko. Zigongono ndi mawondo zinali zoletsedwa kale m'masewerowa, koma anaziletsanso kachiwiri kuti zimveke. Oweruza atatu opereka mapointi anasankhidwa mosakondera: mlamu wake wa Nyadani, mphunzitsi wake wa ku pulaimale, ndi mkulu wa ophika kunyumba yachifumu. Belu linaperekedwa m'manja mwa nduna. Kuwerama kokha ndi kumene anakuchotsa pa nthawi imene onse awiri ali chiimire, chifukwa pa nkhonya zam'mbuyo zithunzi zinkaoneka ngati Nyadani akumenya anthu opemphera.

Miyendo anaiiwala. M'bungwe lonselo munalibe munthu amene anakhalapo pansi kuonera masewerowa mpaka kutha, ndiye ankaganiza kuti theche ndi la kumutu basi, monga amajambulira pa zikwangwani. Amene ankadziwa za theche la m'ntchafu anali mmodzi yekha, a Makwinja, lefali wakale yemwe anasankhidwa kudzayendetsa nkhonyayo, ndipo iwo anangoyang'ana kudenga. Koma funso limodzi linawakanika kumeza.

"Pepani akuluakulu, nanga bwana Nyadani akagwa, ndiziwerenga?"

A Ndavomera anaseka chikhakhali.

"Muziwerenga ndithu, a Makwinja, mpaka teni, monga mwa lamulo. Kungoti bwana akagwa, dziko lonse ligona, wa simenti wanuyo naye agona. Woyamba kudzuka ndani? Bwana. Amene atsale pansi teni ikamakwana ndani? Ndiye mwaona kuti pamenepa sitinafunike n'kulemba lamulo. Makolo athu anatilembera kale."

Malamulowo anakhomedwa pa chitseko cha msika. Nachisale, mkazi wa Zuze, yemwe ankagulitsa kaunjika pafupi ndi chipata, anawawerenga kawiri, n'kufunsa wogulitsa anyezi ngati pali tsamba lina lonena kuti Zuze abwere atamangidwa manja.

"Limenelo akusindikiza," anatero wa anyeziyo. "Pepala linawathera."

Madzulo ake Nachisale anapeza mwamuna wake kuseri kwa nyumba akumenya mateche tayala lakale la lole, limene analimangirira ku mtengo wa mango. Ankamenya malo amodzimodzi, m'munsi, mpaka masamba kumayoyoka. Anamuitana ndi mfunda wake, monga ankachitira akafuna kuti amvetsere.

"Inu Angozo, tandithandizeni masamu awa. Mukapanda kumugwetsa, ophika aja amupatsa iyeyo mapointi. Mukamugwetsa, mwaluza. Ndiye tayalali lakulakwirani chiyani?"

Zuze anapukuta thukuta. "Nachisale, lamba uja ndamuona pa kalendala zaka zisanu ndi chimodzi. Ndikufuna ndikamuone pafupi."

"Kungomuona basi?"

"Sindikudziwa."

Nachisale anamumvera chisoni mwamunayo, chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, chifukwa ankadziwa nthiti zimene zinathyoka ndi mano amene anatsala m'mabwalo a fumbi kuti afike pamenepa. Analowa m'nyumba n'kukamusokera kabudula wake pomwe panang'ambika.

Tsiku la nkhonya, Bwalo la Tithokoze linadzaza n'kusefukira. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Mfumu inakhala pa nsanja yake yayitali n'kuyankhula maola awiri za mvula imene inabweretsa, misewu imene ikuganiza zomanga, ndi njala imene inathetsedwa kale pa wailesi. Pomaliza inati ili ndi mphatso ya dziko lonse, imene inaisunga mwachinsinsi ngakhale kwa nduna zake.

"Ndagwirizana ndi mfumu inzanga ya ku Kulibeulemu," inatero, "kuti amene achoke ndi lamba lero apite kumeneko mwezi wamawa, akamenyane ndi ngwazi yawo, Nyundo. Dziko lapansi lidziwe kuti magazi a banja lathu si amasewera!"

Anthu anaomba m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya malankhulidwe a mfumu anaomba mochokera pansi pa mtima. Ku Kulibeulemu kulibe mwambo wa mitu. Kumeneko ngakhale mfumu imaima pamzere kuchigayo. Nyundoyo aliyense ankamudziwa: amene anamenyanapo naye ambiri anasiya nyama, amangodya phala. Pakona pake, Nyadani anayasama mpaka kapulasitiki koteteza mano kanagwa pansi.

Belu linalira. Raundi iliyonse inayenera kukhala ya mphindi zitatu, koma yoyamba inatha m'masekondi makumi anayi, nduna itaona kuti bwana ayamba wefuwefu. Zuze analandira zibakera ziwiri zofewa ngati buledi, n'kubweza theche limodzi lokha, m'ntchafu ya kumanzere. Linamveka mpaka kwa ogulitsa nzimbe kunja kwa mpanda. A Ndavomera anatsegula buku la malamulo n'kuyamba kufufuza mawu oti ntchafu.

Raundi yachiwiri sinafune n'komwe thandizo la belu. Theche lina, malo omwe aja. Lina, pomwepo. Pa lachitatu mwendo wa Nyadani unangopinda wokha ngati mpando wa pamaliro, ndipo makilo onse 96, a thupi ndi a udindo omwe, anagwa khu!

Anthu zikwi makumi awiri anagona chafufumimba nthawi imodzi. Oyimba malipenga anagonera malipenga awo. Apolisi anagona, oweruza anagona, nduna inagona pa buku lake. Zuze naye anagona, nkhope yake pafupi ndi ya Nyadani. Mfumu yokha ndi imene inatsala pampando, ikumwetulira, kudikira kuti mwana wa mlongo wake adzuke n'kulandira ulemu wake.

A Makwinja, chibwano chili pansi, anayamba kumenya ndi dzanja. "Wani! Thuu! Fili!"

Nyadani sanakomoke. Maso anali gwa, ndipo mutu wake unkagwira ntchito mwachangu kuposa zaka zonse zimene anakhala kusukulu. Akadzuka, wapambana, ndiye wa Nyundo. Onse awiri akakhala pansi mpaka teni, lamulo limati lamba amatsala kwa mwini wake, ndiye wa Nyundobe. Njira inali imodzi.

"Iwe Zuze," ananong'ona. "Dzuka."

"Bwana?"

"Dzuka, ndikukuuza."

"Yambani ndinu, bwana. Mwambo."

"Mwendo wafa uwu! Ndipo ngakhale ukanakhala wamoyo, Nyundo uja ndinamuonera pa foni. Anamenya munthu mpaka kuiwala dzina la mayi ake. Ine sindipitako. Dzuka, tenga lambayo, ndakupatsa."

"Folo! Faifi!"

"Ndiye nenani mokweza, bwana, kuti mwandilamula ndinu. Anthu amve."

"Wapenga? Amalume ali apo!"

"Ndikadzuka andithamangitsa m'dziko."

"Eya, pepa," anatero Nyadani, n'kutsinzina ngati wakomoka.

A Ndavomera anali atakwawa ndi mimba mpaka m'mphepete mwa zingwe. "A Makwinja!" anakuwa chapansipansi. "Mukuthamangira kuti? Bwana akupumula. Imani pomwepo!"

"Seveni!" anatero a Makwinja. Anadikira pang'ono. "Seveni!" Anayang'ana kwa nduna. "Seveni!"

Seveni ameneyo anatha mphindi khumi ndi ziwiri. Simenti ya m'bwalo inali itamwa dzuwa kuyambira m'mawa, ndipo inayamba kuwotcha mimba za anthu. Ana ankalira. Mkulu wina kumbuyo anamveka akuti ngati bwana akufuna kugona tulo, wina amupatse pilo kuti zidziwike. Kumwetulira kwa mfumu kunali kutatha.

Zuze anagonabe pamenepo. Mantha anali nawo, asakunamizeni munthu. Anaganiza za nyumba yake ya zipinda ziwiri imene anaumba yekha njerwa, za manda a mayi ake kuseri kwa depoti, za benchi ya kaunjika imene Nachisale anailimbirana zaka zambiri. Zonsezo akanazisunga pongochita chinthu chimene wakhala akuchita moyo wake wonse, kugona phee mpaka wamkulu adzuke. Kenako masiku ochepa adutse, zaka 35 zikwane, abwerere ku matumba a simenti ngati munthu amene anagwetsa ngwazi n'kuluza. Anatembenuza mutu. Lamba anali patebulo pafupi ndi zingwe, akuwala. Kumuona pafupi kuja anali atamuona, ndipo sikunamukwanire.

Ndiye kuchokera m'chigulu cha anthu ogona, kumbali ya kumipando yotchipa, kunamveka mawu amene msika wonse unkawadziwa.

"Inu Angozo! Simenti ikuwotcha kuno! Ngati mukudzuka dzukani, katundu ndikamanga ndekha!"

Zuze anatsamira magolovesi pansi, n'kupinda bondo limodzi, n'kuimirira.

Chimene anaona palibe munthu wamba wa ku Zilibwino amene anachionapo: misana ya dziko lonse, ya nduna, ya akuluakulu a asilikali, ya abusa, ya ogulitsa mtedza, yonse yofanana, yonyowa ndi thukuta. Ndipo patali, pa nsanja, kamunthu kakang'ono kovala zambiri kakumuyang'ana pakamwa pali yasa.

"Eyiti-naini-teni!" anakuwa a Makwinja ndi mpweya umodzi, nduna isanatsegule pakamwa.

Lamulo limati lefali akweze dzanja la wopambana. A Makwinja dzanjalo sakanalifikira ali chigonere, ndiye anagwira Zuze pa kakolo n'kukweza phazi lake m'mwamba. Zuze anaima ndi mwendo umodzi, zimene kwa iye sizinali zachilendo. Womuveka lamba panalibe, choncho anavula magolovesi ndi mano, n'kupita patebulo, n'kudzimanga yekha m'chiuno. Kuomba m'manja utagona chafufumimba n'kovuta, koma anthu anapeza njira. Anayamba kumenya pansi ndi zala za kumapazi, bwalo lonse, mpaka fumbi linakwera n'kukatsokomoletsa mfumu.

Nyadani anatulutsidwa chokoka ndi anamwino okwawa, ndipo ndi pamene dziko linaloledwa kudzuka.

Bungwe linakumana mwadzidzidzi, malamulo atatu ali patebulo akuyang'anizana ngati akazi a mitala. Loyamba: amene ali chiimire teni ikamakwana ndiye ngwazi, ndipo lamba ndi wake. Kulisintha sakanatha, popeza mfumu inalisaina ndi dzanja lake, ndipo ku Zilibwino dzanja la mfumu silinalakwitsepo. Lachiwiri: woimirira wachifumu ali pansi apirikitsidwe. Lachitatu: lamba ndi katundu wa boma, sawoloka malire. Atatuluka thukuta tsiku lonse, anagamula kuti malamulo onse atatu atsatidwe. Zuze Thombozi ndi ngwazi ya dziko, achoke m'dziko, ndipo lambayo avale mpaka pa malire, akavule pamenepo. Ku Kulibeulemu kunatumizidwa kalata yonena kuti nkhonya ija yaimitsidwa chifukwa cha mvula. Nyadani anapatsidwa mendulo ya kupirira. A Makwinja anawatumiza kukayendetsa mpikisano wa bawo kumidzi.

M'mawa mwake Zuze anamutengera kwa mlembi wa khoti. Lamulo la opirikitsidwa limati munthu aziyenda wapansi, moperekezedwa ndi apolisi awiri, ndipo asankhe yekha chipata chotulukira. Mlembiyo anali atalemba kale Pompano, chipata cha ulendo wa theka la tsiku, chimene onse amasankha kuti manyazi athe msanga.

"Chakutali kwambiri ndi chiti?" anafunsa Zuze.

"Ndi Kumathero, kumpoto. Masiku makumi awiri ndi atatu, njira ya mapiri. Sanasankhepo munthu chimenecho."

"Lembani chomwecho."

Nachisale anagawa kaunjika wotsala kwa anzake, n'kukiya nyumba, n'kupereka kiyi kwa mlamu wake. Analira pang'ono potseka chitseko, ndipo Zuze anakaima kaye pa manda a mayi ake nthawi yaitali. Atatero ananyamuka, mkazi mtolo pamutu, mwamuna chifuwa pamtunda, lamba akuwala m'chiuno, apolisi awiri pambuyo. Msika wonse unawaperekeza mpaka pa mlatho. Pa malo a malonda alionse anthu ankatuluka kudzamuona, ena kudzagwira lambayo, ndipo iye ankaima, n'kupereka moni kwa aliyense, n'kufunsa za kunyumba, n'kumwa thobwa limene amupatsa mpaka kutha.

Pa tsiku lachisanu n'kuti phiri la ku Musafunse likuonekabe kumbuyo. Sajeni wa polisi anakhala pa mwala n'kuvula nsapato.

"Achimwene," anadandaula, "mayendedwe amenewa tikafika chaka chamawa."

Zuze anakonza lamba wake, n'kumuyang'ana mwaulemu wonse. "Werengani bwino malamulo anuwo, bwana. Za liwiro sanalembemo."

Sajeniyo anatumiza uthenga ku likulu, ndipo bungwe linabwerera ku hotela ya kuphiri kukapanga lamulo la mayendedwe a opirikitsidwa. Pamene ndikulemba pano akadali komweko, akukangana ngati liwiro liziyezedwa ndi mapazi kapena ndi maola. Zuze Thombozi sadzagonanso m'nyumba imene anaumba yekha, ndipo iye akudziwa zimenezo. Koma mpaka lero ndiye ngwazi ya Zilibwino, ali penapake pa msewu wa kumpoto, akuyenda pang'onopang'ono.